Loko kaye kapena kamera kaye? Kusankha zotetezera garaja ya pakhomo

Usiku umene anatibera m'garaja kunali chimvula cha mu Januwale, chija chikamawomba pa malata simumvana ngakhale muli m'chipinda chimodzi. M'mawa mwake ndinapeza loko wanga ali gwa, wokhomeka bwinobwino, akulendewera pa kachitsulo kamene tinkamukolekapo. Akubawo sanalimbane naye n'komwe. Anangolowetsa mgwala kunsi kwa kachitsuloko n'kukanganula, ndipo timisomali tinayi timene tinkakagwira pa thabwa tinazuka ngati chinangwa cha m'dothi lonyowa. Linapita batire la galimoto, jenereta yaing'ono, tayala la sipeya ndi matumba awiri a feteleza amene tinkayembekeza kukathira kumunda sabata yomweyo.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti loko ameneyo ndinamugula modula, ndipo ndinkagona mtima uli m'malo chifukwa cha iye. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa amisiri owotcherera zitsulo, oika makamera ndiponso anzanga amene zinawaonekerapo, ndipo maganizo anga ndi awa: ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha, yambani ndi chitseko ndi loko. Kamera ibwere pambuyo. Kamera imaona ndi kukumbukira, koma sigwira munthu dzanja.

Garaja ya kwathu kuno siisunga galimoto yokha. Mumakhala chimanga, feteleza, njinga yamoto ya kabaza, mabatire a sola, mashini a udzu, ngakhale katundu wa m'bale amene ali ku Joni. Nyumba zambiri zilinso ndi kachitseko kochokera m'garaja kulowa kukhitchini kapena pakhonde la kuseri. Wakuba akalowa m'garaja amapeza mthunzi wabwino, amagwira ntchito yake pa kachitseko kameneko popanda womuona, ndipo nthawi zina zida zothyolera amazipeza momwemo.

Maloko: chimene chimasiyanitsa wabwino ndi wongooneka bwino

Tiyambe ndi loko wokoleka, amene ambirife timagula kusitolo za zipangizo zomangira, kaya ku Limbe kapena mumsewu wa Malangalanga ku Lilongwe. Poyang'ana loko wotere, musatengeke ndi kulemera kwa thupi lake. Yang'anani khosi lake, chitsulo chokhota chija chimene chimalowa m'bowo. Pamenepo ndi pamene chodulira zitsulo chimaluma. Maloko otchipa a mkuwa, onga a Tri-Circle aang'onoang'ono amene ali paliponse, ndi abwino pa sutikesi, pa kabati kapena pa khola la nkhuku. Pa garaja ayi. Khosi lawo ndi lopyapyala ndipo lili pamtunda, moti chodulira chachikulu chimalidula kamodzi n'kamodzi.

Loko woyenera garaja akhale ndi khosi la chitsulo cholimbitsidwa, lonenepa mamilimita 10 kapena kuposa, ndipo koposa zonse khosilo likhale lobisika. Pali mitundu iwiri imene ndimaikhulupirira. Woyamba ndi loko wozungulira ngati mbale, amene kampani ya ku Germany ya Abus inamutchukitsa ndi dzina loti Diskus, ndipo makampani ena ambiri amapanganso ofanana naye. Khosi lake limangooneka pang'ono pokha, moti mano a chodulira amasowa pogwira. Wachiwiri ndi loko wa thupi la makona anayi amene alibe khosi lokhota, koma kamtengo kachitsulo kowongoka kamene kamatsetsereka m'kati mwa thupi lake. Ameneyu ndiye amaikidwa pa zitseko zopinda za m'masitolo ndi pa makontena. Yale, Viro, CISA ndi Abus onse ali ndi maloko a mtundu umenewu. Wozungulira uja amatsikirako mtengo ndipo sachita dzimbiri msanga. Wa kamtengo ndi wolimba kuposa, koma amafuna kuti mabowo a chitseko akhale oyang'anizana ndendende, apo ayi muzivutika naye tsiku lililonse.

Ngati pa paketi palembedwa muyezo wa ku Ulaya wa CEN, umene umayambira pa 1 kufika pa 6, sankhani wa 4 kupita m'mwamba. Muchenjere ndi maloko achinyengo olembedwa mayina a makampani otchuka, chifukwa ndi ambiri pamsika. Zilembo zake zimakhala zosaoneka bwino, kiyi amalowa mogwedera, ndipo mtengo wake umakhala wokoma mopitirira. Loko wa dzina lalikulu wogulitsidwa pa mtengo wa sopo si loko ameneyo.

Koma phunziro langa la usiku wa mvula uja ndi lakuti loko amalimba malinga ndi chimene wagwira. Kachitsulo kokolekapo loko kasamangidwe ndi timisomali topota tooneka kunja. Kamangidwe ndi mabawuti a mutu wosalala obowola chitseko mpaka kuseri, manati ake akhale m'kati, ndipo kuseriko muike chitsulo chafulati kuti mabawutiwo asazuke ndi thabwa. Chitseko chikakhala chachitsulo, njira yabwino koposa ndiyo imene amisiri athu owotcherera amaidziwa kale: kuwotcherera kabokosi kachitsulo kokuta loko yense, kotseguka kunsi kokha kolowetsera dzanja ndi kiyi. Kabokosi kameneka sikadya ndalama zambiri, koma kamalepheretsa chodulira, sowo ndi hamala nthawi imodzi. Loko wapakatikati wokhala m'kabokosi amaposa loko wodula wokhala pamtetete. Mmisiri amene anatikonzera chitseko anawotchereranso timitu pa mahinjesi kuti munthu asanyamule chitseko n'kuchizula, chinthu chimene ine sindikanachiganizira.

Palinso njira imene ambiri amainyoza chifukwa ndi yachikale: mpiringidzo wa m'kati. Ngati garaja yanu ili ndi khomo lolowera m'nyumba, chitseko chachikulu cha galimoto musachikhome ndi loko wa kunja ayi. Chitsekeni ndi m'kati, ndi mipiringidzo iwiri yolowa pansi mu simenti ndi umodzi wopingasa, kenako mutulukire kukhomo la m'nyumba. Wakuba akafika panja sapeza choti adule. Palibe loko wa kusitolo amene angapose zimenezi, ndipo mtengo wake ndi wa zitsulo zochepa ndi ntchito ya mmisiri ya tsiku limodzi.

Kachitseko ka m'mbali kapena kolowera m'nyumba nthawi zambiri kamakhala ndi loko wolowa m'thabwa, wa kiyi wautali uja. Maloko amenewa amasiyana pa chiwerengero cha timapale ta m'kati timene kiyi amanyamula. A timapale tiwiri kapena titatu, amene omanga nyumba amakonda chifukwa chotchipa, ali ndi mitundu yochepa ya makiyi, moti munthu wokhala ndi mulu wa makiyi akhoza kupeza wotsegula khomo lanu. Funani wa timapale tisanu. Union ndi Yale amapanga otere, ndipo abwino kwambiri amakhala ndi chidindo cha muyezo wa ku Britain wa BS 3621. Chitseko chenichenicho chikhale cha thabwa lolimba kapena chachitsulo, osati zopepuka zam'kati mwa nyumba zija zimene munthu amaboola ndi chidendene.

Nanga maloko amakono otsegula ndi chala, nambala kapena foni? Ubwino wawo ndi weniweni pa nkhani imodzi, ya makiyi. Pakhomo pamadutsa anthu ambiri: wantchito, mlonda, mwana wa achimwene amene wabwera kudzachita holide. Kiyi wamba amadulitsidwa pamsika m'mphindi zochepa, ndipo simungadziwe kuti makiyi a garaja yanu alipo angati. Loko wa nambala mumangosintha nambalayo munthu akachoka. Komabe ine sindingamuike pa chitseko cha kunja kwa garaja. Fumbi la mu Okutobala, chinyezi cha dzinja ndi mabatire otha mosayembekezereka zimamufooketsa, ndipo ambiri otchipa chitsulo chawo ndi chofewa. Pa khomo la pakati pa garaja ndi nyumba, pamene mvula sifika, akhoza kuthandiza. Ngati vuto lanu ndi makiyi okha, maloko onga a Mul-T-Lock ali ndi makiyi amene sadulidwa popanda khadi la mwini wake, ngakhale kuti mtengo wake ndi wokwera.

Mawu amodzi kwa a njinga zamoto. Musadalire loko wa chiwongolero. Anthu awiri amainyamula njingayo n'kuiponya m'galimoto. Kwirirani chitsulo chokhota mu simenti ya pansi, mumangirirepo njinga ndi tcheni chonenepa chodutsa pa felemu, osati pa tayala, ndipo tchenicho chisagone pansi pamene angachimenyere ndi hamala. Jenereta muichitenso chimodzimodzi. Mukatero muyang'anenso kumwamba: garaja zambiri zilibe siling'i, ndipo lata limakanganuka mosavuta kuposa chitseko. Zitsulo zingapo zowotcherera kunsi kwa denga zimatseka njira imeneyo.

Makamera: mitundu itatu ndi funso la magetsi

Chitseko chikalimba, kamera imayamba kukhala ndi phindu, chifukwa wakuba amachedwa pakhomo ndipo kamera imapeza nthawi yomuona ndi kukudzutsani. Musanafunse za mtundu kapena dzina la kampani, dzifunseni kuti kamerayo idzatani magetsi akathima. Kwathu kuno limeneli ndiye funso lalikulu, popeza mdima wa kuthima kwa magetsi ndi umene akuba amaukonda, ndipo ena amayamba athimitsa okha pa mita.

Mtundu woyamba ndi makamera a mawaya olumikizidwa ku bokosi lojambulira limene limakhala m'nyumba. Hikvision ndi Dahua, makampani a ku China, ndiwo amapezeka kwambiri, ndipo amisiri odziwa kuwaika ndi kuwakonza ndi ambiri m'mizinda yathu. Alipo a bokosi la DVR, amene ndi otsikirako mtengo ndipo kamera iliyonse imafuna waya wa chithunzi ndi wa magetsi. Aliponso a NVR, amene waya mmodzi wa netiweki amanyamula zonse ziwiri, chithunzi ndi magetsi, mpaka mtunda wa mamita 100. Makamera a mawaya amajambula usana ndi usiku osalekeza, safuna intaneti kuti asunge zithunzi, ndipo sadalira mphamvu ya Wi-Fi. Kuipa kwake ndi mtengo woyambira, ntchito yoyendetsa mawaya, ndiponso kuti bokosi lija likabedwa umboni wonse wapita. Choncho bokosilo musaliike m'garaja momwemo kapena pansi pa TV pabalaza. Libiseni m'chipinda china, m'kabati yokhoma koma yopita mphepo.

Za malo osungira zithunzi, masamu ake ndi osavuta. Kamera imodzi ya 1080p (muyezo wa kuoneka bwino kwa chithunzi) yojambula pa mlingo wa 2 Mbps (kuchuluka kwa data pa sekondi) imadya pafupifupi 21 GB pa tsiku. Makamera anayi amadzaza hard drive (chosungira zithunzi cha m'bokosi lija) ya 1 TB m'masiku 11 kapena 12, kenako zatsopano zimayamba kufufuta zakale. Ngati mumachoka pakhomo mwezi wathunthu, gulani ya 3 TB kapena kuposa, kapena ikani kuti izijambula pokhapokha pakadutsa chinthu. Hard drive yake ikhale yopangidwira makamera, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk, chifukwa ya kompyuta wamba siinapangidwe kuti izilemba usana ndi usiku.

Makamera anayi ndi bokosi lake amadya mawati apakati pa 30 ndi 40. Ka UPS kakang'ono ka kompyuta, kabokosi kopereka magetsi akathima, kokhala ndi batire la 7Ah (Ah ndi muyezo wa mphamvu imene batire limasunga), kangawayendetse mwina ola limodzi basi, pamene magetsi athu akapita amatha kukhala maola ambiri. Batire la 100Ah, mukamagwiritsa ntchito theka la mphamvu yake kuti lisafe msanga, limawayendetsa usiku wonse. Amene muli kale ndi sola ndi inveta pakhomo, lumikizani makamerawo kumeneko. Amene mulibe, muwerengere mtengo wa batire pamodzi ndi wa makamera, chifukwa kugula makamera a mawaya opanda batire n'kugula theka la chinthu. Muikenso chotetezera ku mphenzi ndi kubwera kwa magetsi mwamphamvu. Dzinja lililonse mabokosi ambiri amapsa chifukwa cha zimenezi.

Mtundu wachiwiri ndi makamera a Wi-Fi, monga Tapo ya TP-Link, EZVIZ ndi Imou. Awa ndi otchipa, munthu amaika yekha ndi foni, ndipo amasunga zithunzi pa kakhadi ka memori kolowa m'kamera momwemo. Kwa munthu wa lendi, amene sangaboole makoma a eni ake, ndi njira yabwino ndithu. Amatumiza uthenga pafoni akaona munthu, ndipo ambiri ali ndi sipika yoti mukhoza kukuwa muli kutali. Koma ali ndi zofooka zitatu. Amafunabe magetsi, iwo ndi router yomwe, kabokosi kogawa Wi-Fi. Khoma la njerwa ndi chitseko chachitsulo zimadula mphamvu ya Wi-Fi, choncho musanagule imani m'garaja, mutseke chitseko, muone ngati foni yanu ikugwirabe. Chachitatu, wakuba akathyola kamerayo wapita ndi kakhadi komwe. Kakhadiko mugule ka mtundu wopirira kulembedwa kosalekeza, chifukwa wamba amafa mwakachetechete, inu n'kudzazindikira tsiku limene mukufuna umboni.

Pano ndichenjezeko abale athu a ku Joni ndi ku UK amene amatumiza makamera kumudzi. Makamera ena, monga a Ring, sasunga zithunzi pokhapokha muzilipira mwezi ndi mwezi ndi khadi la kubanki, ndipo amafuna intaneti yosaduka. Kumene mukukhalako zimenezi si vuto, koma kwa mayi anu ku Kasungu kamerayo idzangokhala chokongoletsa khoma. Tumizani yokhala ndi malo a kakhadi ka memori, ndipo mukumbukire kuti mapulagi a ku South Africa salowa m'masoketi a ku Malawi, amene ndi a mano atatu afulati ngati a ku Britain.

Mtundu wachitatu ndi makamera a sola okhala ndi batire lawolawo ndi SIM khadi ya 4G, ya Airtel kapena TNM. Reolink ndi EZVIZ ali nawo otere, ndipo ena opanda mayina odziwika adzaza m'masitolo. Pa garaja yotalikirana ndi nyumba, pa puloti imene mukumanga, kapena kudera kopanda magetsi, palibe njira ina yoposa imeneyi. Sasamala za kuthima kwa magetsi. Koma kuti batire lisathe, ambiri amagona n'kumadzuka pokhapokha akamva kutentha kwa thupi loyenda, ndipo nthawi zina amadzuka mochedwa, n'kujambula msana wa munthu akutuluka. Amadyanso bandulo nthawi zonse mukamaonera pafoni, ndipo bandulo ikatha mauthenga amasiya kubwera. Masabata a mitambo, kapena nthawi ya chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje, kasola kake kakang'ono kamalephera kudzaza batire.

Kunena mosabisa, kwa mwini nyumba wokhala ndi batire kapena sola ndingasankhe makamera a mawaya. Kwa wa lendi, a Wi-Fi awiri ndi ka UPS kodyetsa router ndi makamerawo. Kwa wa puloti yakutali, ya sola. Makamera abodza aja a kanyali kofiira kophethira angaopseze mwana woba mango, koma wodziwa ntchito yake amawazindikira.

Kumene kamera yayang'ana

Anthu ambiri amataya ndalama pamenepa. Amagula kamera yabwino, n'kuipachika pamwamba penipeni pa khoma kuti ione bwalo lonse. Tsiku la tsoka amapeza chithunzi cha chipewa ndi mapewa. Muyezo umene akatswiri a makamera amatsata umati kuti nkhope ya munthu wosamudziwa izindikirike pamafunika timadontho ta chithunzi 250 pa mita iliyonse. Kamera ya 1080p ili ndi timadontho 1920 m'lifupi mwake, kutanthauza kuti malo amene ikuyang'ana asapose mamita 7 kapena 8 m'lifupi. Ikaona bwalo lonse la mamita 20, mudzaona kuti kunabwera anthu atatu, koma osadziwa kuti ndani.

N'chifukwa chake makamera awiri oikidwa mwanzeru amaposa anayi ongomwaza. Imodzi ikhale panja, pa msinkhu wa mamita awiri ndi theka kapena atatu, yoyang'ana njira yochokera ku geti kufika pa chitseko cha garaja, ndipo muitchingire ndi kakhola ka zitsulo. Inayo ikhale m'kati mwa garaja, yobisika pakati pa makatoni pa shelefu, motsika ndithu, yoyang'ana khomo. Munthu amabisa nkhope panja pamene akudziwa kuti pali kamera, koma akalowa m'kati amamasuka, amayatsa tochi, nthawi zina amavula ndi chipewa chomwe. Ya m'katiyi musauze aliyense, ngakhale mlonda. Ya panja ikhale yolembedwa IP66 kapena IP67 kuti ipirire mvula ndi fumbi.

Usiku makamera ambiri amaona ndi kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo chithunzi chimakhala chakuda ndi choyera. Simungadziwe mtundu wa malaya kapena wa galimoto. Alipo ena ojambula mitundu ngakhale usiku, monga ColorVu ya Hikvision, koma njira yotchipa ndi kuika getsi la sola loyaka lokha munthu akadutsa, pamwamba pa chitseko cha garaja. Getsi limeneli limagwira ntchito ziwiri: limawalitsira kamera ndipo limadzidzimutsa wobwerayo, amene kawirikawiri amatembenuka n'kuyang'ana kumene kwachokera kuwalako. Mwezi uliwonse pukutani galasi la kamera, chifukwa akangaude amakonda kuluka ukonde pamenepo, ndipo usiku ukondewo umawala n'kuphimba chithunzi chonse.

Tsiku loika makamera, musalole mmisiri achoke musanasinthe pasiwedi n'kuika yanuyanu. Akaunti ya pafoni ilembedwe m'dzina lanu ndi nambala yanu, osati yake. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera ndi zipangizo zina zambirimbiri padziko lonse pongoyesa mapasiwedi a kufakitale amene eni ake sanasinthe. Kamera imene mlendo angaione pa intaneti imamuuza nthawi imene mumachoka ndi nthawi imene mumabwera. Onetsetsaninso kuti tsiku ndi nthawi pa chithunzi n'zolondola, ndipo kamera yanu isasuzumire pabwalo kapena pabafa la aneba.

Zikachitika kuti mwaberedwa ndipo kamera yagwira nkhope, koperani kanemayo pa fulashi tsiku lomwelo zisanafufutike, mupite nayo kupolisi, ndipo mudziwitse a komiti ya chitetezo cha m'dera lanu. Mtima umafuna kuponya chithunzicho pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp nthawi yomweyo, ndikudziwa, chifukwa nane mkwiyo umenewo ndinaumva nditaima pa chitseko chothyoka chija. Koma chithunzi cha usiku chimafananitsa anthu, ndipo kwathu kuno munthu wongoganiziridwa kuti ndi wakuba amatha kumenyedwa kapena kuwotchedwa apolisi asanafike. Mwana wa munthu wina wosalakwa akhoza kufera batire la galimoto yanu. Lembanitu manambala a jenereta, a injini ya njinga ndi a mabatire anu m'kabuku, muwajambulenso ndi foni lero lomwe, chifukwa katundu akapezeka apolisi adzakufunsani chimene chikusonyeza kuti ndi wanu.